Usiku Umene Wotchi Inabwerera M'mbuyo

Kuno ku Grimsby, Okutobala akamatha,
amabweza nthawi ngati mbuzi yolowa m'munda wa eni.
Thu koloko usiku ikakwana, akuti ikhalenso wani.
Ogona amati atola ola laulere.
Ife a ntchito ya usiku timalisenza pamutu popanda nkhata.

Ndinakwera pampando m'nyumba yosamalira okalamba,
ndinagwira muvi wa wotchi ndi chala, ndinaukankhira kumbuyo.
Miyendo yanga sinabwerere nawo.

Bambo Wilfred Haxby a m'chipinda cha kumapeto
anaphika buledi zaka makumi anayi ndi ziwiri.
Dzina la akazi awo linawathawa chaka chatha,
langa amaliiwala ndisanatseke chitseko,
koma fili koloko ikakwana maso awo amatseguka okha
popanda belu, popanda tambala.
Amakhala tsonga, amakwinya manja a malaya,
nkuyamba kukanda bulangete,
kulipinda, kulitembenuza, kuliwaza ufa wosaoneka.

Usiku umenewo anadzuka khoma likunena kuti thu.
Ndinati, Bambo, nthawi sinakwane, onani wotchi.
Anayang'ana wotchi, anandiyang'ana ine,
anati, Mtsikana, imeneyo ndi yabodza, yatsa uvuni.

Ndinaseka. Kenako ndinakhala pansi, chifukwa sananame.

Yanga wotchi ya m'mafupa ndinaiswa ndekha.
Chaka chachitatu tsopano ndikudya chamasana nyenyezi zili mbuu,
ndikugona dzuwa likusuzumira.
Mawindo ndinamata ndi mapepala akuda otayira zinyalala,
komabe thupi limadziwa kuti kunja kwacha,
limandidzutsa leveni koloko, mutu uli waa,
magalimoto akudutsa, wa makalata akugogoda kwa aneba.
Folo koloko m'bandakucha ndimamva kuzizira kochokera m'kati,
kosamva juzi, kosamva hita,
ndipo dzanja limapita lokha m'chitini cha mabisiketi.
Adokotala anawerenga pepala, anati shuga wakwera,
magazi akuthamanga, kodi mumagona bwanji?
Ndinati ndimagona ngati wakuba, diso limodzi lili panjira.

Lachiwiri lapitali Yankho anagwetsa supuni.
Supuni chabe.
Ndinamukalipira mpaka mwana anakabisala kuseri kwa katani
atavala yunifolomu ya sukulu, nsapato imodzi kumanja.
Mawu amenewo sanali anga,
anali a mkazi wina amene amabadwa tulo tikasowa.
Tsiku lina ndinadutsa siteji yanga,
dalaivala anandigwedeza phewa basi itafika ku Cleethorpes,
ndinatsika ndikuyang'ana nyanja yotuwa, osadziwa ngati ndi lero kapena dzulo.

Dziko lino nalonso silithandiza.
Mwezi wa Juni dzuwa limakana kulowa, mlendo wosadziwa kutsanzika,
Disembala limangoonekera pakhomo nkubwerera,
folo koloko masana magetsi a mumsewu ayaka kale.
Kumene ndinabadwira, usana ndi usiku zimagawana mwachilungamo.
Sindinkadziwa kuti chimenecho ndi chuma.

Ndiye ndinakoka mpando pafupi ndi bedi lawo.
Anandipatsa ngodya ya bulangete, anati, Usakande mwaukali,
mtanda umafuna kupuma kuti ufufume.
Tinakanda awiri, ola lobwerezalo lonse,
mvula ikuwaza pagalasi.
Atatha anaphimba mtanda wawo ndi pilo,
anagona chammbali, mpweya wawo unatalika.

Seveni koloko a masana analowa, nkhope zosalala,
wina akuti, Lero ndagona ngati mwana, ola lija landikomera!
Ndinalemba m'buku: Bambo Haxby anadzuka thu koloko, osakhazikika.
Ndinafufuta mawu omalizawo.
Ndinalemba: anadzuka pa nthawi yawo.

Panja kunali kutayera kale, msanga kuposa dzulo.
Ndinavala magalasi akuda kuti thupi lisaone m'mawa,
ndinaima pasiteji, ndikuwerenga pa zala
maola amene ndingabe Yankho asanafune chakudya.
Anayi. Mwina anayi ndi theka.